Phunziro la Cinyanja ndi Umoyo wa Mwana pa Sukulu ya Katolika

Caka cina, m'nyengo ya dzinja, ndinapita kukaona mmodzi wa ophunzira athu amene anali kuyesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya Akatolika m'boma la Chadiza. Sukuluyo inali yosamalika bwino. Bwalo linali losesedwa, maluwa anali m'mizere, ndipo pa cipupa ca ofesi panalembedwa mau atatu a Cingelezi ochula cikondi, ulemu ndi kutumikira. Ana anayamba tsiku ndi pemphero, nalowa m'kalasi mwa dongosolo. Phunziro linali la miyambi, m'Giredi 5. Mphunzitsi wathu analemba miyambi isanu pa bolodi, ndi tanthauzo la uliwonse pambali pake. Ana anawerenga pamodzi mokweza, nakopera m'mabuku mwao. Pa pepala langa loongerapo nchito panalibe cimene ndikadamcotsera.

Koma kumbuyo, pafupi ndi zenera, kunakhala mnyamata wamkulupo kuposa anzake, amene sanalembe kanthu. Mwambi wacitatu pa bolodi unali wakuti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Phunziro litatha ndinafunsa za mnyamatayo, ndipo mphunzitsi uja anati, "Ameneyo ngwamwano, Aphunzitsi, ndiponso ngwaulesi. Amabwera kawiri pa sabata, ndipo mukamfunsa amangoyang'ana pansi." Pa nthawi yopuma ndinamuitana mwanayo pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinayamba ndi nkhani ya ng'ombe, popeza miyendo yake inali yokandika ndi minga. Posacedwa ndinadziwa kuti amaweta ng'ombe za munthu wina mosinthana ndi mng'ono wake, kuti cidyere dzulo masana sanalawe kanthu, ndi kuti pensulo yake anapatsa mlongo wake wa m'Giredi 2. Mwambi unali pa bolodi, mwini mwambi anali m'kalasi momwemo, koma awiriwa sanakumane.

Inu aphunzitsi a mawa, cimene ndifuna kunena m'nkhani ino ndi ici: makhalidwe amene sukulu ya Katolika imanyadira amaoneka kapena kusowa m'mau amene mphunzitsi ndi mwana amalankhulana, ndipo pa aphunzitsi onse, wa Cinyanja ndiye ali ndi mpata waukulu koposa, cifukwa ndiye amagwira cinenero cimene mwana amalirira, kusekera ndi kupempherera.

Mpanda wakale pakati pa sukulu ndi mudzi

Tiyenera kuvomera poyamba kuti m'dziko la Acewa sukulu ndi mudzi sizinayambe ndi cibwenzi. Ansembe a White Fathers anamanga mishoni ya Kachebere mu 1903, pafupi ndi malire a Malawi ndi Zambia, ndipo kucokera kumeneko anatsegula masukulu a m'midzi m'dera la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Ku Chadiza dzina la Naviruli limakumbutsa nchito ya Akatolika, monga la Nsadzu limakumbutsa ya a Dutch Reformed. Mphunzitsi wa masiku amenewo anali katekisiti yemwe: anaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi katekisimu, ndipo zonsezi anazicita m'Cinyanja. Pa ici tili ndi ngongole kwa amishoni. Komabe sukulu yomweyo inalimbana ndi dambwe. Mnyamata wolowa gule ankasiya sukulu, Mkhristu wopita ku nyau ankaletsedwa masakramenti, ndipo eni gule anabwezera potulutsa zilombo monga Maliya ndi Simoni, zoseka alendo aja ndi ciphunzitso cao. Mwana anaimikidwa pakati, kuti asankhe pakati pa buku ndi akwao.

Dziko litalandira ufulu, mpanda unasintha maonekedwe. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'Giredi 1, ndipo ambiri a msinkhu wanga tikumbukira cilango cimene tinkalandira tikamveka tikulankhula cinenero ca amai athu pa bwalo la sukulu. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 Mpingo wa Katolika unapereka masukulu ake ambiri a pulaimale m'manja mwa boma. Mfundo za Educating Our Future za mu 1996 zinabweza zinenero zathu pa kuphunzira kuwerenga koyamba. Kuyambira mu 2014 ana a m'Giredi 1 kufikira 4 anaphunzitsidwa maphunziro ao m'zinenero za m'madera mwao. Ndipo dongosolo latsopano la mu 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2025, labweza Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira, Cinyanja nicitsala monga phunziro ndiponso monga cothandizira kufotokoza. Mbali inayo nayo yasintha. Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni pa mishoni ya Mua ku Malawi mu 1976, kumene Mpingo womwewo umasunga ndi kufotokoza miyambo ya Acewa, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu monga cuma ca anthu onse. Malamulo apita uku ndi uku, koma mwana wa kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume akali kufika pa sukulu ndi cinenero cimodzi cimene amaciganizira. Ngati nthawi ya Cinyanja yacepa, ndiye kuti mtengo wa ola lililonse la Cinyanja wakwera.

Mau atatu oyenera kuwasanthula

Loyamba ndi nzeru. M'zaka za m'ma 1970 Robert Serpell, mphunzitsi wa pa University of Zambia, anafunsa akuluakulu a m'midzi ya boma la Katete, loyandikana ndi Chadiza, kuti pa ana amene amawadziwa angasankhe uti pa nchito zakutizakuti, ndiponso cifukwa ciani. Zimene anapeza anazilemba m'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling. Kwa akuluakulu aja nzeru zinali ndi mbali ziwiri: kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga, ndi kutumikira, ndiko kukhala mwana womva ndi wokhulupirika, woti ungamtume ndi mtima uli m'malo. Kucenjera kopanda kutumikira sanakuyese nzeru. Ndiko kuja kwa Kalulu wa m'nthano, amene timamseka koma sitingamsungitse nkhokwe. Tsono sukulu imayesa mbali imodzi yokha. Mayeso amapima kucenjera, ndipo mnyamata uja wa pa zenera, amene mwini ng'ombe anamkhulupirira ndi cuma cake conse, amene anadzimana pensulo cifukwa ca mlongo wake, pa sukulu anali mbuli. Sukulu imene yalemba mau akuti kutumikira pa cipupa cake iyenera kukhala yoyamba kuzindikira mwana wotere.

Laciwiri ndi ulemu. Mwana wa Acewa woleredwa bwino amagwada polankhula ndi wamkulu, amalandira ndi manja awiri, amatsitsa mau, ndipo sayang'ana wamkulu m'maso. Mphunzitsi wokulira m'tauni, kapena wophunzira mabuku olembedwa kunja, angaone kuyang'ana pansi nakuyesa mwano kapena bodza. Colakwa cina, coopsa koposa, ndi kuyesa mantha ulemu. Kalasi ya cete ingakhale ya ana aulemu, ingakhalenso ya ana oopa. Kusiyana kwake mudzakuona pa cinthu cimodzi: mwana waulemu amatha kubwera kwa inu nanena kuti, "Aphunzitsi, sindinamve," pamene woopa amakopera za mnzake. Kukwapula ana m'masukulu kunaletsedwa mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2011 linatsimikiza ciletsoco. Koma lilime nalo limakwapula. Mphunzitsi amene wataya ndodo natsala ndi mau onga "citsiru" ndi "mbuzi iwe" wangosintha cida.

Lacitatu ndi kumva, ndipo pano ndilankhula monga munthu amene anathera zaka zingapo kunja kwa dziko lino akuphunzira kapangidwe ka zinenero. Cingelezi cimafuna mau osiyanasiyana pa zimene ife timazinena ndi mneni mmodzi. Timamva kulira kwa belu, timamva njala, timamva fungo, timamva cisoni, timamva Cingelezi. Khutu, mimba, mtima ndi mutu zonse zili m'tsinde limodzi. Onani tsono misintho ya mneni ameneyu: kumva, kumvera, kumvetsa, kumvetsera, kumvana. Masukulu ambiri amakonda msintho umodzi wokha, kumvera, nauika pa mwana. Koma cinenero cathu cikutionetsa kuti kumvera ndi nthambi cabe ya kumva. Mwana womvera zimene sanamve wangogonja. Ndipo kumvana, kumene ndiko moyo wa mudzi ndi wa mpingo, kumafuna anthu awiri, aliyense akumvetsera mnzake. Pamene mudzaphunzitsa misintho ya mneni, yambani ndi mneni ameneyu. Mudzaphunzitsa malamulo a cinenero ndi cikhalidwe pa nthawi imodzi, popanda ulaliki.

Ana amene mpando wao uli pululu

Umoyo wa ana pa sukulu umayesedwa bwino ndi aja amene sabwera. Ku Chadiza mudzakumana ndi atatu kawiri-kawiri.

Woyamba ndi mbusa. M'cigawo ca Kum'mawa muli cizolowezi cakuti mnyamata amaweta ng'ombe za wina kwa zaka zingapo, nalandira ng'ombe imodzi pamapeto. Musafulumire kunena kuti makolo otere sakonda mwana wao. Ng'ombe imalima, imakoka ngolo, imaoneka ndi maso. Satifiketi aiona ikugona m'sutukesi kwa ana a anzao. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kuti muwagonjetse muyenera kukambirana nao monga anthu oganiza, ndiponso muyenera kudziwa wokambirana naye. Acewa amatsata mtundu kucikazi, ndipo m'mabanja ambiri mau otsiriza pa za mwana ali ndi mtsibweni wake, mwini mbumba. Kalata yoitana atate a mwana ingafike kwa munthu amene ali mkamwini cabe pa mudzipo, wopanda mphamvu yosintha kanthu. Mphunzitsi wodziwa maina a cibale ndi kulemera kwake amapulumutsa ulendo.

Waciwiri ndi namwali, pamodzi ndi mnzake wa ku dambwe. Mtsikana amasowa masabata angapo, nabwera ali wina: salankhula ndi anyamata, saimirira pamaso pa mphunzitsi wamwamuna, ndipo anzake amamnong'ona. Mnyamata wolowa gule amabwera akudziona mwamuna, ndipo kumkalipira pamaso pa ana aang'ono ndi kumtsekera khomo. Sukulu ya Katolika ili ndi ufulu wonena poyera zimene siivomereza m'miyambo imeneyi, ndipo zilipo zoyenera kukanidwa. Kalonga Gawa Undi yemwe, amene Acewa a maiko atatu amakamlambira ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, wakhala akuletsa maukwati a ana ndi kulangiza kuti miyambo isasokoneze sukulu. Cotero mphunzitsi amene apempha anyakwawa ndi anamkungwi kuti cinamwali cicitike pa nthawi ya chuthi ali ndi mfumu kumbuyo kwake. Cimene sayenera kucita ndi kunyoza mwana cifukwa ca mwambo umene mwanayo sanaupange.

Wacitatu ndi mtsikana wa pathupi, ndipo pano ndidziwa kuti ena a inu simudzagwirizana nane. Mu 1997 boma linalola kuti mtsikana wotere abwerere ku sukulu atabereka. Masukulu ambiri a mishoni, pamodzi ndi a Akatolika, sanafune kumlandira pa sukulu yomweyo; anasankha kumthandiza kupeza malo kwina, poopa kuti ena angatengere. Nkhawa imeneyo ndiimvetsa, ndipo eni ake si anthu ouma mtima. Koma m'tauni sukulu ina ili kuseri kwa msika, pamene ku midzi ya Chadiza ingakhale ulendo wa maola, wosatheka kwa mai woyamwitsa. Kumeneko kusamutsa ndi kucotsa n'cimodzimodzi, ndipo cotsatira cake kawiri-kawiri ndi ukwati, umene lamulo la mu 2023 laletsa kwa aliyense wosafika zaka 18, ngakhale ukwati wa mwambo. Tikumbukirenso kuti mtsikana wa pulaimale amene ali ndi pathupi ndi mwana wolakwiridwa, ndipo wolakwayo nthawi zambiri ndi wamkulu amene akuyenda momasuka. Mpingo umene umaphunzitsa kuti moyo wa m'mimba ndi wopatulika uyenera kukhala womalizira kutaya mwana amene wausunga moyowo. Inu simudzapanga malamulo a sukulu. Amenewo ali m'manja mwa eni sukulu ndi Unduna wa Zamaphunziro. Koma mau amene mudzachula nao mtsikanayo m'kalasi, ndi amene mudzalola anzake kumchula nao, ali m'manja mwanu.

Zimene otsutsa anganene

Wina adzati makolo amatumiza ana ku sukulu ya mishoni kuti adziwe Cingelezi ndi kupambana mayeso. N'zoona, ndipo makolowo salakwa. Cingelezi ndico khomo la sekondale ndi la nchito. Koma mwana wanjala, woopa, kapena wobwera kawiri pa sabata sadzaphunzira Cingelezi ca mtundu uliwonse. Ndiponso luso la kuwerenga limene mwana waligwira m'cinenero cimene amamva amalinyamula polowa m'cinenero caciwiri. Salimanso munda womwewo kawiri.

Wina adzati za makhalidwe n'za phunziro la cipembedzo, za Bambo Mfumu ndi asisitere. Koma pa sukulu ya Katolika pamakhala ana a mipingo ina, a Cisilamu, ndi a mabanja a gule. Cimene onsewa ali naco pamodzi ndi cinenero. Ndiponso msonkhano waukulu wa Vatican waciwiri, m'cikalata cake ca za maphunziro ca mu 1965, unanena kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao. Ngati zili tero, sukulu ya Katolika imene siitha kulankhula ndi makolo m'mau ao yasemphana ndi ciphunzitso ca eni ake.

Wacitatu adzati ana aculuka. Iyi ndiyo mfundo yolemera koposa. Ciyambire maphunziro aulere a mu 2022 makalasi adzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangakhale pansi pa mtengo wa mango ndi mwana aliyense. Mutu umodzi susenza denga. N'cifukwa cake njira zimene ndikupatsani pansipa zili zoti ana azisenzana okha, ndi zoti mudzi ulowe m'kalasi.

Zimene mungacite m'phunziro lanu

Pophunzitsa miyambi musayambe ndi tanthauzo. Fotokozani mlandu waufupi, monga wa mwana amene wapeza ndalama ya mnzake pa njira ya ku cigayo, ndipo kalasi ikhale bwalo. Ena aimire uyu, ena uyo, ndipo aliyense amange mau ake ndi mwambi umene wakatenga kwa agogo ake. Mwambi unabadwira pa mlandu, ndipo pomwepo m'pamene umamveka.

Phunzitsani maina a za mumtima monga mumaphunzitsira maina a mbeu ndi a nyama: nkhawa, mantha, manyazi, cisoni, mkwiyo, nsanje, kusungulumwa. Ana asiyanitse manyazi ndi mantha, cisoni ndi cifundo. Mwana amene ali ndi dzina la cimene cikumdya angathe kucinena. Ndipo popeza mwambo suloleza mwana kudandaula pamaso pa wamkulu, mpatseni njira ya nthano: alembe za mwana wina wa mudzi wina. Powerenga nkhani zimenezo cherani khutu. Mukapeza yonunkha nkhanza kapena kugwiriridwa, musaisunge nokha, ndiponso musalonjeze mwana cinsinsi cimene simungacisunge. Pitani nayo kwa aphunzitsi aakulu ndi kwa mphunzitsi wa uphungu tsiku lomwelo.

Pophunzitsa kalembedwe ka kalata, ana alembere anthu enieni: mtsibweni, anyakwawa, mnzao amene wasowa masiku atatu. Kalata imeneyo ipite ndithu, ndipo yankho lake, lolembedwa kapena la pakamwa, liwerengedwe m'kalasi.

Itanani akuluakulu a m'mudzi ndi a mpingo kudzasimba mbiri ya malo, maina a mitsinje ndi mapiri, ndi ciyambi ca sukuluyo. Musawafunse za ku dambwe kapena za ku tsimba, ndipo musakakamize mwana kuulula zimene analumbira kusunga. Wamkulu amene walemekezedwa m'kalasi mwanu ndiye adzakuthandizani tsiku limene mudzafuna mwana wa m'mudzi mwake.

Potsiriza, patsani kutumikira malo m'buku lanu la zotsatira. Wa m'Giredi 5 awerengere wa m'Giredi 2 nthano kamodzi pa sabata, ndipo nchito imeneyo ilembedwe ndi kuyamikiridwa pamaso pa makolo. Njira yotere, ya mwana kuthandiza mwana mnzake, inayesedwa pa sukulu ya Kabale ku Mpika m'zaka za m'ma 1990, koma amai a ku midzi anaidziwa kale, popeza ndiwo amabereketsa khanda kwa mkulu wake.

Wophunzira wathu uja sindinamcotsere kanthu pa zimene anapeza, cifukwa anacita zonse zimene tinamphunzitsa; kulakwa kunali kwathu ife a ku koleji, amene tinamuonetsa kakonzedwe ka phunziro osamuonetsa kayang'anidwe ka ana. Ndinangompempha kuti sabata lotsatira aphunzitse maina a zoweta ndi mitundu yake, ndipo afunse mnyamata wa pa zenera. Anandiuza pambuyo pake kuti mwanayo anayamba ndi mau apansi, maso ali pansi, koma anachula maina a ng'ombe monga mwa maanga ake ndi nyanga zake, matenda ake ndi udzu umene zimakonda, kufikira belu linalira, ndipo mphunzitsi yemwe analemba mau asanu ndi limodzi amene sanawadziwe. Njala ya mwanayo siinathe ndi phunziro limenelo, ndipo ng'ombe zinafunabe mbusa. Koma Loweruka lotsatira mphunzitsi ndi katekisiti anapalasa njinga kupita kwa mtsibweni wake, ndipo pofika kumapeto kwa temu mnyamatayo anali kubwera masiku anai pa sabata.

Zokambirana

1. Lembani ziganizo zisanu zoonetsa matanthauzo osiyana a mneni "kumva", ndipo konzani phunziro la mphindi 40 la misintho yake.

2. Kodi kwanu mau otsiriza pa za sukulu ya mwana ali ndi yani? Mungalembe bwanji kalata yomuitana, ndipo mungamchule motani?

3. Mlembi akuti ku midzi kusamutsa mtsikana wa pathupi ndi kumcotsa n'cimodzimodzi. Gawanikani pawiri, ena avomereze, ena atsutse, ndipo mbali iliyonse imange mau ake ndi mwambi.